Mtengo wa Dzina la Bambo

Bambo anga sadziwa kunena kuti ayi. Si kuti ndi ofatsa. Akakwiya, nyundo yawo imamveka mpaka tsidya la msewu. Koma kuuza munthu amene walowa m'shopu kuti chinthu sichogulitsa, iwo amati ndi chipongwe. Munthu wabwera ndi mapazi ake, wayamikira ntchito ya manja ako, iwe n'kumubweza ngati wakuba? Ndiye iwo sakana. Amatchula mtengo, woti munthuyo aseke, agwire pakamwa, atuluke yekha ulemu wake uli nawo.

Pa shelefu ya pamwamba pali nsapato zofiira zimene bambo anasokera amayi chaka chimene anayamba kudwala. Amayi sanazivale. Mwezi sutha wina osazifunsa, ndipo bambo, osadzutsa n'komwe mutu, amayankha kuti, "Izo? Mundipatse nyumba yosanja ndi galimoto ziwiri." Munthu amaseka, iwonso amaseka, nsapato zimatsala.

Aliyense amawatchula kuti a Pondapo, chifukwa munthu akangolowetsa phazi mu nsapato yatsopano, iwo amati, "Pondapo tione." Dzinali lili pachikwangwani cha pakhomo ndiponso pa kachitsulo kamene amakatenthetsa n'kudinda kunsi kwa nsapato iliyonse. Nditamaliza sekondale ndinalipititsanso pa intaneti. Ndinalembetsa dzina la tsamba lathu kuti Pondapo, ndipo poti bambo alibe imelo, pa malo a mwini wake ndinalemba dzina langa. Ntchitoyi inandiyenera. Ndimakhala kuseri kwa katani, pakati pa mipukutu ya zikopa ndi fungo la guluu, kujambula nsapato ndi kuyankha anthu amene sindidzawaona maso. Patatha zaka zitatu, maoda ambiri anali kubwera kudzera pa tsambalo, ena ochokera kutali kumene bambo sanafikeko.

Imelo yoyamba inabwera Lachiwiri m'mawa. Inali yaulemu kwambiri. Mwamuna wina, wosatchula kumene amagwira ntchito, anati dzina la tsamba lathu lamusangalatsa, kodi tingamugulitse?

Ndinawawerengera bambo ali ndi misomali itatu pakamwa.

"Akufuna kugula chiyani?"

"Dzina, ababa. La pa intaneti."

Analavulira misomali m'dzanja. "Ndiye akaligula, ine anthu azindiitana kuti ndani?"

Azakhali, alongo awo a bambo, amene amasoka zikopa za pamwamba pa makina a pawindo, anaseka mpaka kusiya kupalasa. "Azikuitanani kuti inu apo. Gulitsani achimwene, mwina mungagule malaya ena. Awa ndinawaona tsiku la ukwati wanga."

"Ndimuyankhe kuti sitigulitsa?" ndinafunsa.

"Iyayi. Munthu wakulembera mwaulemu. Muuze kuti madola miliyoni imodzi. Uwonjezere kuti tamuchotserako chifukwa ndi kasitomala watsopano."

Apa ndiyenera kunena zoona. Mumtima ndinamva kuti china sichili bwino. Munthu wa m'shopu amaona nkhope ya bambo, amaona kuti maso akuseka. Imelo ilibe maso. Ndinatsegula pakamwa, koma bambo anali atabwezera kale misomali pakamwa pawo, azakhali akupalasa, ndipo mawu anga sanazolowere kupikisana ndi makina. Ndinalemba monga ananenera. Ngakhale za kuchotserako ndinalemba. Ndinatumiza.

Patapita milungu isanu kunabwera chikalata cha masamba makumi atatu ndi anayi. Chinachokera ku bungwe lothetsa mikangano ya mayina a pa intaneti. Kampani ina yaikulu ya kunja, yopanga nsapato zotchedwa Pondaro, inali itadandaula kuti dzina lathu likufanana kwambiri ndi chizindikiro chawo cha malonda, kuti tilibe ufulu uliwonse pa dzinalo, ndiponso kuti tinalilembetsa ndi cholinga choipa choti tidzawagulitse pa mtengo wokwera. Umboni wawo unali pa tsamba la khumi ndi chisanu ndi chinayi: imelo yanga, mawu anga, miliyoni imodzi yozunguliridwa ndi mzere wofiira. Mwamuna waulemu uja anali wawo.

Pamwamba penipeni, pa malo a woyankha mlandu, panali dzina langa lonse, monga amaliitanira kusukulu tsiku la mayeso.

Anatipatsa masiku makumi awiri oti tiyankhe. Tikapanda kuyankha, woweruza adzagamula ndi zimene ali nazo. Ndinathamangira pa intaneti, kumene ndinalembetsa dzinalo, ndikuganiza kuti mwina ndisinthe mwini akhale bambo, kapena ndingolifufuta zonse zithe. Pambali pa dzinalo panali kachithunzi ka loko. Silingasamutsidwe, silingasinthidwe, silingafufutidwe kufikira mlandu utatha. Ndinadinadina kalokoko ngati kuti katopa.

Masiku asanu ndi limodzi sindinauze munthu. Ndinkajambula nsapato, kuyankha maoda, kupukuta galasi. Ndinkawerenga chikalatacho ndili chogwada kuseri kwa katani, ngati kuti ndikufuna chinthu chimene chagwa. Kachipinda kanga n'kotalika masitepe atatu, ndipo masiku amenewo zikopa zinkaoneka ngati zasendera pafupi. Bambo akati "Pondapo tione" kutsogoloko, ndinkabisa foni m'thumba.

Anandigwira ndi azakhali. Anakoka katani tsiku lachisanu ndi chiwiri, sizasi ili m'manja.

"Mayi Chete, kodi ndi mimba?"

"Iyayi, azakhali!"

"Nanga n'chiyani? Dzulo wajambula nsapato ziwiri zakumanzere zokhazokha. Ukudya ngati mbalame. Ngati ndi mnyamata, nditchulire, sizasi ndi iyi."

Ndinawapatsa foni. Anaiyang'ana motalikitsa dzanja, n'kundibwezera. "Chingerezi cha maloya ichi. Undiuze m'chinenero cha anthu."

Ndinawauza. Sanaseke. Anapita kukatseka chitseko cha shopu masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene sichinachitikepo chichokereni maliro a amayi.

Bambo anamvetsera ataweramira pa chikombole cha nsapato. Nditamaliza anati, "Ndiye akuti ndinaba dzina langa lomwe?"

"Akuti tinalilembetsa kuti tiwagulitse."

"Ndani amene anati ndikugulitsa?"

"Munatchula mtengo, achimwene," anatero azakhali.

"Mtengo umene uja unali wokana! Mwana wa zaka zisanu akhoza kumva kuti kumene kuja n'kukana."

"Ana a zaka zisanu sagwira ntchito ku kampani imeneyo."

Bambo anatembenukira kwa ine. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. "Iwe unapita kusukulu. Sunaone kuti pali msampha?"

Ndinayang'ana timisomali tomwazika pansi. "Ndinaona pang'ono."

"Bwanji sunanene?"

Ndinayamba kutola timisomalito. Anadikira, kenako anatola nyundo n'kuyamba kukhoma chidendene chimene anali atachikhoma kale.

Tili ndi kasitomala wina, loya wamkazi wa phazi lalikulu, amene nsapato za m'sitolo sizimukwana. Azakhali anamuimbira, ndipo anabwera mawa lake pa nthawi yopuma masana. Anakhala pa benchi ya makasitomala, navula nsapato imodzi mwachizolowezi, n'kuwerenga chikalata chonse.

"Ine ntchito yanga ndi milandu ya malo ndi nyumba," anatero pomaliza. "Sindingakuimireni, ndipo nthawi ndilibe. Koma mlanduwu sufuna loya. Palibe khoti, palibe kuimirira pamaso pa munthu. Woweruza ndi mmodzi, ali kwinakwake, adzangowerenga mapepala. Simudzamuona, iyenso sadzakuonani."

"Ndiye adzadziwa bwanji kuti ndine munthu woona?" anafunsa bambo.

"Sadzadziwa, a Pondapo, pokhapokha mwana wanuyu amulembere." Anandiyang'ana. "A kampaniwo ayenera kutsimikiza zinthu zitatu zimene adandaulazo, zonse. Kufanana kwa mayina, apo musalimbane nawo, akufananadi. Koma ukasonyeza kuti bambo ako akhala akudziwika ndi dzinali kuyambira kale, ndi kuti mtengo uja sunali wogulitsira, mwayi ulipo. Pepala la boma la shopu lino lili m'dzina liti?"

"Langa lobadwa nalo," anatero bambo.

"Chikwangwani?"

"Tinapentanso chaka chatha."

"Hmm. Pezani chinthu chakale chokhala ndi deti. Ndipo inu mulembe kalata yolumbira kuti mtengo uja simunkatanthauza."

"Ndilembe kuti ndinanama?"

"Kuti munkaseka."

"Sindinkaseka. Ndinkakana."

Loya anavala nsapato yake. "Ndiye lembani zimenezo. Koma mawu anu okha sakwana, aliyense wogwidwa amati ndimaseka. Pakufunika anthu ena anene kuti ndi mmene mumachitira." Ali pakhomo anacheuka. "Ine mungandilembe woyamba. Nsapato zofiira zija munandiuza kuti ndibweretse ndege."

Anatsala masiku khumi ndi awiri. Bambo sakanatha kusiya shopu, azakhali mawondo awo salola masitepe. Woyenda khomo ndi khomo kukapempha makalata ndinali ine, amene ndimawoloka msewu ndikaona munthu wondidziwa akubwera.

Azakhali anandilembera mndandanda kuseri kwa katoni ya guluu: mphunzitsi wopuma ntchito, namwino wa kuchipatala cha mano, mwini malo ometera, dalaivala wa basi yasukulu. Khomo loyamba ndinaima panja mphindi khumi, ndikuwerenga mawaya a magetsi. Nditagogoda, mawu amene ndinawakonza njira yonse anathawa, ndipo ndinangotulutsa chithunzi cha nsapato zofiira pafoni.

"Ha! Izo?" anatero mphunzitsi uja. "Ine anandiuza kuti ndimupatse penshoni yanga ndi ya mkazi wanga, kuwonjezapo mkazi wangayo. Lowa, mwana wa Pondapo. Wakula liti iwe?"

Analemba masamba awiri, ndipo ndinachita kumupempha kuti achotsemo za mkazi wake. Namwino analemba mizere inayi ali chiimire. Wometa anakana, anati iye zosainasaina ayi, mapepala amabwerera munthu. Dalaivala sindinamupeze masiku atatu otsatizana, koma lachinayi analemba. Ndinkabwerera kushopu malaya atamatira kumsana, n'kulowa kuseri kwa katani, n'kutsegula pa dzina lathu. Kaloko kanali pomwepo. Anthu ankapitiriza kutumiza maoda pa tsamba limene mwina mwezi wamawa lidzakhala likuwatengera ku nsapato za eni ake, ndipo ine ndinkawayankha mwaulemu ngati palibe chilichonse.

Chinthu chokhala ndi deti chinavuta kwambiri. Nsapato zakale zodindidwa zinalipo zambiri, koma nsapato sinena chaka chake. Bambo ndi munthu wosasunga mapepala. Muyeso wa phazi la kasitomala amausunga m'mutu. Tinakhuthula madilowa onse. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi, azakhali anabwera ndi envelopu kuchokera kwawo, anaiponya pa tebulo langa, n'kupita ku makina awo.

Munali chithunzi. Amayi ataima pakhomo la shopu, atanyamula khanda lokutidwa mpaka kumaso. Pamwamba pa mutu wawo panali chikwangwani chakale, zilembo zake zopendekeka: Pondapo. Pakona ya chithunzicho panali timanambala tachikasu timene makamera akale ankadinda okha. Zaka makumi awiri zapitazo. Kampani ija, malinga ndi chikalata chawo chomwe, inalembetsa chizindikiro chake zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.

Bambo anachigwira m'mbali ndi nsonga za zala, chifukwa m'manja munali polishi.

"Chimenechi chipita kwa anthu amenewo?"

"Kope lake chabe, ababa. Ichi chitsala."

"Adzawaona amayi ako anthu osawadziwa."

"Eya."

Anachiyandikitsa kumaso. "Khandalo ndiwe," anatero, ngati kuti sindinkadziwa. Kenako anandibwezera. "Tumiza."

Kalata yawo yolumbira inatitengera masana onse. Ndikalemba kuti "sindinkafuna kugulitsa," iwo ankati ndiwonjezere chifukwa chake, kuti woweruzayo asaganize kuti ndi munthu wamwano. Pomaliza inati: "Pa ntchito yanga sindiuza munthu kuti ayi. Ndimatchula mtengo umene sangaukwanitse kuti achoke osachita manyazi. Ndachita zimenezi zaka zoposa makumi awiri. Sindinkadziwa kuti kuli anthu amene angaukwanitse."

Kutatsala masiku awiri, mwamuna waulemu uja analembanso. Tsopano anatchula kampani yake. Anati mlandu ndi wotopetsa kwa onse, iwo ndi okonzeka kuuchotsa ngati tigwirizana mwamtendere. Tingotchula mtengo weniweni, woganiza bwino.

Ndinawawerengera bambo. Ndinaona nkhope yawo ikuyamba kuchita zimene imachita, diso limodzi kutsinzina pang'ono, mlomo kukwera mbali imodzi.

"Ameneyu sanamve," anatero. "Muuze kuti tsopano zakwera. Mamiliyoni awiri, ndipo abwere adzapolishe nsapato pano mwezi wathunthu."

Makina a azakhali anali kulira. Kunja basi inali kuliza hutala. Zala zanga zinali kale pa mabatani, ndipo ndinazindikira kuti zikhoza kulembanso, monga zinalembera poyamba, ine n'kumangoziyang'ana.

"Ayi, ababa."

Sanamve. Ndinaimirira, mpando n'kugwera pa zikopa.

"Ayi! Sindilemba zimenezo."

Makina anaima. Bambo anandiyang'ana ngati kuti chikombole chayankhula.

"Akufuna mutchulenso nambala kuti akaiike pa tsamba lina ndi mzere wofiira. Dzina lili pa mlanduwu ndi langa. Ndilemba kuti dzinali silogulitsa, basi."

"Mawu awiri okha? Popanda ngakhale moni?"

"Moni ndiikapo."

"Ndi mwano umenewo, mwana wanga."

"Ndi mwano wanga, si wanu."

Azakhali anatsokomola, chitsokomolo chimene ndikuchidziwa kuti chimabisa kuseka. Bambo anapukuta manja pa epuloni kawiri, katatu. Sanavomere. Anangotembenuka n'kunena kwa khoma kuti, "Anthu a sukulu."

Ndinalemba: Moni. Dzinali silogulitsa. Ndinatumiza. Tsiku lotsatira ndinatumiza yankho lonse ku bungwe lija: masamba asanu ndi anayi a Chingerezi changa cha kusekondale, makalata anayi, zithunzi za kachitsulo kodindira, kalata ya bambo, ndi amayi atanyamula ine.

Kenako kunalibe choti n'kuchita. Anatilembera kuti woweruza wasankhidwa, natipatsa dzina lake, dzina limene sitinadziwe ngati ndi la mwamuna kapena la mkazi. Azakhali ankamutchula kuti Mzukwa. "Mzukwa wayankha?" ankafunsa m'mawa uliwonse akuvula juzi. Bambo sankafunsa. Masiku amenewo ankandiyankhula za ntchito zokha, ulusi watha, jambula izi, ndipo ine sindinkadziwa ngati akwiyira imelo yoyamba kapena yachiwiri. Ndinkaganiza za munthu ameneyo, m'chipinda china chopanda fungo la guluu, akuyang'ana nkhope ya amayi n'kutembenuza tsamba.

Chigamulo chinabwera patatha milungu itatu, ndili pakati pojambula nsapato zakuda za ana asukulu. Ndinayambira kumapeto. Dandaulo lakanidwa. Ndinabwerera pamwamba n'kuwerenga bwinobwino. Woweruza anati mayinawo akufananadi. Anati mtengo wa miliyoni imodzi, pawokha, ukanatha kutipweteka, ndipo kuyankha kotero kunali kosasamala. Koma chithunzi chija ndi makalata aja zinasonyeza kuti bambo ankadziwika ndi dzinali kampaniyo isanalembetse lake, ndipo iye sanaone chifukwa chokayikira mmisiri amene makasitomala ake anayi, aliyense payekha, anauzidwa mtengo wosatheka wa nsapato zomwezomwezo.

Ndinatuluka kuseri kwa katani n'kuwauza.

"Wati kosasamala?" anatero bambo.

"Eya. Koma dzina latsala."

"Munthu sanandionepo n'kamodzi komwe, akuti ndine wosasamala."

"Achimwene, mwawina," anatero azakhali. "Khalani pansi musangalale ngati anthu ena."

"Ndawina chiyani? Dzina linali langa kale."

Loya atamva anati tisavine kwambiri, kampaniyo ikhoza kupitabe kukhoti ikafuna, ngakhale kuti ambiri sapita. Kaloko kanachoka patapita masiku angapo. Ndimakayang'anabe m'mawa uliwonse ndisanatsegule maoda.

Loweruka lotsatira kunalowa mayi wina wachilendo, wa chikwama chonyezimira. Anayesa nsapato zofiirira, bambo anati pondapo tione, anaponda, zinamukwana. Akudikira kuti ndimukulungire, anakweza maso.

"Nanga zofiira zili pamwambazo, ndi zingati?"

Diso la bambo linayamba kutsinzina. Mlomo unakwera. Kenako anandiyang'ana, ine nditagwira pepala lokulungira, ndipo mlomo uja unatsika pang'onopang'ono.

"Funsani mwana wangayu," anatero, akuweramira pa chikombole. "Ndi amene amaona za kukana."

Mayiyo anatembenukira kwa ine akumwetulira. Katani inali sitepe imodzi kumbuyo kwanga.

"Pepani, mayi," ndinatero. "Izo sizogulitsa."

Kumwetulira kwake kunachepa. Anatenga katundu wake, natsanzika mwachidule. Bambo anadikira mpaka chitseko chitatsekeka.

"Waona nkhope yake?" anatero. "Wachoka ndi manyazi."

"Ndaona."

"Ine akanachoka akuseka."

"Ndikudziwa, ababa."

Anaika msomali pakamwa, nauchotsanso. "Ulendo wina ukamakana, uziyamba wayamikira chikwama chake."